Bulaki waima pamalire

Lachinayi, Okotobala. Kwatentha mpaka mutu waima.

Lero yakwana sabata chikwirireni waya amene mwana wanga Esinati anatumiza kuchokera ku Joni. Tinauzunguliza bwalo lonse, pansi pa mchenga. Galu wanga Bulaki amavala lamba m'khosi. Akayandikira wayawo lambayo amalira, akaumirira magetsi amamutsina. Zonsezi chifukwa cha usipa wa aneba anga, a Jafali, umene wakhala akuba pathandala mpaka tinasiya kupatsana moni.

Tsiku lokumba a Jafali anaima chapatali. "Aphunzitsi, mukukwirira chiyani m'malire? Ngati mukutsirika nenani, ine ndili ndi ana." Ndinawaonetsa kabokosi ka pasoketi kamene kamapereka magetsi kuwayako, ndinafotokoza mpaka kukhosi kuuma. Anangoti, "Chabwino."

Masana ano pobwera kuchokera kusukulu ndapeza a Jafali ayanika usipa, fungo lake mpaka pakhonde panga. Bulaki wathamanga, wafika pamzere, waima nji! Wanunkhiza, wabwerera mchira uli pansi. Ine kunyada: "Mwaiona sayansi, bambo?"

Iwo akuti, "Sayansi yake iti? Magetsi azima m'mamawa, muli kusukulu."

Ndathamangira m'nyumba. Zoonadi, kanyali ka pakabokosi n'kozima.

Ndiye chamuimitsa n'chiyani? Mwina wangokumbukira ululu. Koma galu amakumbukira masiku angati? Ndikufuna ndione mawa.

Chakumadzulo a Jafali abwera ndi mbale ya usipa, moni ndi manja awiri. Andinong'oneza kuti mbuzi zawo zawavuta, ndiwalumikize ndi sing'anga wanga wa ku Joniyo.

Usipa ndalandira. Za sing'angazo ndiwayankha magetsi akayaka.