Mtengo watsopano wa mfuti ya bambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tili bwino, kupatula bambo amene maso awo tsopano aferatu.

Nguluwe zochokera ku phiri la Michesi zatisautsa m'munda, ndiye ndinatulutsa mfuti ya asilikali ija munawagulira bambo nkhondo itatha. Mtengo wake wogwirira unali utadyedwa ndi chiswe. Osawauza bambo, ndinapita nayo kwa a Namakhwa, kalipentala wa ku Jenala. Anasema mtengo watsopano wa mbawa, napala dzimbiri lonse, naipaka mafuta mpaka kunyezimira. Wakale uja alamu anu anasonkhezera moto.

Ndinakawapatsa bambo ndikuyembekezera kuyamikidwa. Anaisisita pang'onopang'ono, chala chikufunafuna paja anazokotapo dzina la malemu mayi ndi mpeni. Achimwene, ine ndinali nditaiwaliratu za dzinalo.

"Mfuti njabwino, mwana wanga," anatero. "Koma amako wawasiya kuti?"

Kuyambira tsikulo sanaikhudzenso mfutiyo.

Chonde alembereni mawu owatonthoza, ndidzawawerengera. Ine ndikamati ndipepese, ndikumalephera. Mulungu akusungeni kumigodiko.

Ndine mng'ono wanu,
Wyson