Munthu Wachikhumi

Thane,
16 Febuluwale 2023

Okondedwa achimwene a Menashe,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Ashdod kumeneko, pamodzi ndi alamu anga a Sipora ndi ana. Ine kuno ndilipo, ndikugwirabe ntchito pa sitolo ya magalasi a maso ija. Ndasankha kulemba pamanja chifukwa pa foni mumalankhula nokha, ndipo ine ndikati nditsegule pakamwa mumati mawu sakumveka bwino.

Amayi akuuzani kale kuti mwambo wokumbukira chaka cha imfa ya bambo unayenda, amuna khumi anakwana, pemphero la Kadishi linanenedwa. Sananame. Koma amene munandituma ndinu, ndiye mumve kwa ine mmene zinakhalira, kuyambira kumene foni yanu inandipeza.

Tsiku lija munafunsa kuti ndili kuti, popeza kunkamveka anthu akuimba. Ndinati ndili kwa anzanga. Ndinali ku m'bindikiro, ku mapiri a Lonavala, m'nyumba imene tinachita lendi kuti tisungiremo Sabata. Amakonza zimenezi ndi mayi wina dzina lake Dina Talkar, amene amakhala pa banja ndi mkazi mnzake ku Pune. Tonse amene tinasonkhana ndife Ayuda amene masunagoge athu sadziwa potikhazika: amuna okondana ndi amuna, akazi okondana ndi akazi, ndi ena onga ine, amene azamba anati wabadwa mwamuna koma mtima unakana kuyambira ku ubwana. Ena anachokera ku Mumbai, ena ku Ahmedabad. Mtima ukhale m'malo, palibe amene amakudziwani.

Ndinapita monyinyirika. Ndinali nditasiya kupemphera kalekale, kuyambira tsiku limene ndinafika kwathu nditavala sari, nsalu ya akazi, bambo n'kunena pamaso panu kuti, “Asher wanga anamwalira, uyu sindikumudziwa.” Ndinaganiza kuti ngati bambo, amene anandiphunzitsa Chiheberi pa khonde la kuseri, atseka chitseko, ndiye kuti Mulungu wawo watsekanso. Koma Dina ndi munthu wosamva kukana. Anabwera kudzapimitsa maso ku sitolo kwathu, anaona dzina la banja lathu lakuti Awaskar pa chifuwa panga, n'kudziwa kuti ndine Myuda, basi sanandisiyenso.

Lachisanu dzuwa likulowa anandipatsa machesi kuti ndiyatse makandulo a Sabata. Ndinayamba kulira machesi ali m'manja. Zaka zonse ndinkaimirira kumbuyo kwa amayi kuwayang'ana akuzunguliza manja pa moto n'kuphimba kumaso, ndipo ndinkayeserera ndekha kubafa. Pamenepo panali mkulu wina, a Yoel Charikar, amene anapuma ntchito ku njanji, wa mutu wa mbuu ndi pakamwa posapuma.

“Iwe mtsikana, yatsa msanga,” anatero. “Sabata silidikira munthu amalize kulira. Ukalire pambuyo, tikuthandiza, ife ndife akatswiri.”

Anthu anaseka, ine ndinayatsa.

M'mawa mwake tinatulutsa kampukutu ka Tora, Malemba athu oyera, kamene Dina anabwereka kwa mnzake. Asanayambe anayang'ana m'chipindamo kuti aone ngati takwana khumi, ndipo sanayang'ane ndevu. Tinapitirira. Achimwene, ife otayidwa tinapitirira khumi, pamene sunagoge wa kumudzi kwathu akusaka munthu ngati singano yogwera mu mchenga. Itafika nthawi yowerenga, Dina anaitana mokweza kuti, “Aimirire Yerusha, mwana wamkazi wa Binyamin.” Ndinayang'ana kumbuyo ngati pali wina. Dzina langa ndi la bambo zinali zisanakhalepo mu mpweya umodzi.

Ndinawerenga ndi kaimbidwe kamene bambo anandiphunzitsa, osaphonya. Kenaka ndinawanenera Kadishi, imene sindinainene pa maliro awo, chifukwa munandiimbira atawakwirira kale. A Yoel anaimirira pambali panga kunenera mnzawo amene anakhala naye m'nyumba imodzi kuyambira unyamata mpaka imvi. Pa maliro a munthu ameneyo, abale ake anapatsa a Yoel ntchito yogawa tiyi kwa olira. Titamaliza, chipinda chonse chinayankha kuti Ameni, ndipo ndinamva ngati ndatula mtolo umene ndinausenza chaka chathunthu.

Sabata litatha tinakonza malida, mpunga wonyowetsa wosakaniza ndi kokonati ndi shuga, zipatso zitazungulira mbale, ndipo tinkaimbira mneneri Eliya. Ndi pamene foni yanga inalira. Munali inu. Ndinathamangira panja opanda nsapato, ndikuganiza zopusa, kuti mwina mapemphero a m'mawa aja ayankhidwa kale.

“Asher, mng'ono wanga, uli bwanji?” munatero. Simunadikire yankho. Munati Lachinayi ndi chaka cha bambo, amuna atsala asanu ndi anayi okha kumudzi chifukwa a Shalom agonekedwa kuchipatala, ndipo popanda wachikhumi Kadishi sinenedwa. Munati inu simungabwere, ntchito yachuluka ku doko. “Uvale thalauza, umange tsitsi m'chipewa, ola limodzi lokha. Kodi bambo ako sungawachitire ola limodzi?”

Ndinati, “Achimwene, dzina langa ndi Yerusha.” Munati mawu sakumveka.

Nditabwerera m'nyumba onse anaona nkhope yanga. Ndinawafotokozera. Dina anakwiya mpaka anaika supuni pansi.

“Usapite,” anatero. “Kadishi wanena kale lero, pamaso pa anthu okwanira. Akufuna thupi lodzaza benchi, sakufuna iwe.”

A Yoel anapukusa mutu. “Mayi ake ali moyo, Dina. Kwa mayi amene uja, pemphero la kuno ndi masewera a ana. Akapanda kumva Kadishi m'sunagoge wawo, adzafa akuganiza kuti mwamuna wawo akungoyendayenda panja.” Kenaka anatembenukira kwa ine. “Pita, mwanawe, koma upite ndi nsalu yako. Ine ndinagawa tiyi uja mwaulemu, ndipo mpaka lero amandiwawa pakhosi.”

Ndinapita. Lachinayi m'mawa ndinatsika basi pa mphambano nditavala sari yoyera. Cholinga changa chinali kukakhala ndi amayi pa khonde la m'mwamba la akazi m'sunagoge, ndiwagwire dzanja, amuna aone okha chochita. Amayi akalamba, achimwene. Zithunzi zimene amakutumizirani amajambulitsa atakhala pansi kuti musaone mmene msana wapindikira. Atandiona pa chipata anayang'ana sari yanga, anayang'ana msewu ngati pali anthu, kenaka anati, “Wadya?” Sanatchule dzina lililonse.

Tinakwera makwerero pang'onopang'ono. M'mwamba munali akazi ochepa, azakhali athu ndi ena, ndipo onse anapeza chowerenga m'mabuku awo. Pansi amuna anali atafunda nsalu zawo zopempherera, akuyang'ana pakhomo. A Elkan Penkar, amene tsopano ndiwo amatsogolera mapemphero, ankangoyang'ana wotchi.

“Menashe anati mnyamata abwera,” anatero. “Ali kuti?”

Wina anawanong'oneza. A Penkar anakweza mutu, anatchinga maso ndi dzanja, n'kundiona. Sanadzidzimuke ngakhale pang'ono.

“Aa, Asher ali apo. Takwana.”

“Takwana bwanji ali kwa akazi?” anatero mdzukulu wawo uja wa golosale. “Atsike, kapena tiwerenge azakhali ake omwe.”

Ena anaseka. Anayamba kukangana za ine ngati akukangana za mbuzi ya pa msika, ine ndili pomwepo. Wina ankati munthu wovala choncho sawerengedwa, wina ankati Mulungu saona nsalu, chimene analenga analenga. A Penkar anamenya buku pa tebulo. “Pa tsiku lachisanu ndi chitatu chibadwire ndinalipo ine pamene ankamuchita mdulidwe. Ndi mwamuna. Asher, tsika, anthu ali ndi ntchito.”

Ndinali nditatsimikiza kuti sindisuntha. Ndiye ndinamva dzanja la amayi likugwira mkono wanga. Anayandikitsa pakamwa pa khutu langa.

“Yerusha,” anatero. “Yerusha mwananga, tsika. Ndakugwira mwendo.”

Achimwene, dzina limenelo ndalidikira pakamwa pa amayi zaka zonsezi. Ndinkaganiza kuti tsiku limene adzalitchule ndidzagwada pansi ndi chimwemwe. Analitchula koyamba pondipempha kuti ndikakhale Asher. Ankalidziwa nthawi yonseyi, ankatha kulitchula bwinobwino, anangolisunga mpaka tsiku limene adzalifune.

Ndinatsika. Makwerero aja amalira, ndipo sunagoge yense anali zii kumvetsera. Nditalowa kwa amuna, amene anali pa benchi ya kumbuyo anasunthira kutsogolo, benchi yonse n'kutsala yanga. A Penkar anatsegula kabati, anatulutsa nsalu yopempherera ya bambo, n'kupatsa mdzukulu wawo.

“Mufunditse, tisamaone zinazo.”

Anaiponya pa mapewa anga osandikhudza. Inkanunkhirabe mafuta a kokonati amene bambo ankadzola kumutu. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaivula n'kuiponya pansi, koma sindinatero. Ndinaikokera pafupi.

Popeza inu kunalibe, mwana wa womwalirayo amene analipo ndinali ine ndekha, choncho Kadishi inagwera ine. Ndinainena ndi mawu anga a lero, osati amene iwo ankawakumbukira. Anayankha Ameni m'malo onse oyenera, maso ali pansi. M'mwamba ndinamva amayi akulira momasuka, kulira kwa munthu amene mtima wake wakhala pansi. Bambo ali moyo ine ndinali wakufa. Iwo atafa ndi pamene ndinaukitsidwa, kwa ola limodzi monga munanenera.

Titamaliza, mdzukulu uja anabwera kudzatenga nsalu, anaipinda, n'kuibwezera m'kabati. Kunyumba amayi anaphika mpunga ndi nsomba za kokonati. Amuna anakhala pa khonde la kutsogolo, akazi kukhitchini. Ndinaima pakati ndi mbale m'manja. Kutsogolo kunalibe mpando, kukhitchini azakhali anati muli kale anthu ambiri. Ndinadyera pa khonde la kuseri, pomwe paja bambo ankandiphunzitsira zilembo. Amayi anabwera kudzandiwonjezera nsomba, anaima pang'ono, anati, “Wachita bwino,” n'kubwerera. Dzina linali litabwerera kale kumene amalisunga.

Ndikupita kukakwera basi, a Penkar anandipeza pa chipata, akutokosa m'mano.

“Mawu ako akadali abwino,” anatero. “A Shalom sakuoneka kuti atuluka m'chipatala muja. Pasaka ili pafupi, tidzakufuna. Koma uzilowera khomo la kumbali, ndipo uzibwera ndi malaya m'chikwama. Ukatero palibe amene adzakuvute.”

Ndinawathokoza, chifukwa ndi mmene tinaleredwera. M'basi ndinasanza.

Ndinaimbira a Yoel nditafika. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, osaseka ngakhale kamodzi, zimene sizichitika. Kenaka anati, “Ndinakupatsa malangizo oipa, mtsikana. Koma enawo analinso oipa.” Dina sanandinene kanthu. Anangoti tidzakumananso ku Lonavala mvula ikadzatha, ndipo akufuna ndidzaphunzitse ena kaimbidwe ka kwathu, chifukwa ambiri mwa iwo anathamangitsidwa asanakaphunzire. Ndavomera. Koma ndisakunamizeni, chimene ndinachipeza ku phiri kuja chathimbirira. Ndikatseka maso kuti ndimve mawu a Dina akundiitana, ndimamva a Penkar akuti takwana.

Tsono pempho langa ndi ili. Musadzandiimbirenso kuti ndikadzaze benchi. Pasaka sindipita, ndipo chaka chamawa tsiku la bambo likadzakwana, ndege zochokera kwanuko zimatera ku Mumbai sabata iliyonse. Inu ndinu mwamuna amene palibe angakangane za iye, mwana amene bambo sanamukane. Wachikhumi uja anali inu. Munakhala ku doko, manja anu ali oyera, n'kutumiza ine kuti ndikavulidwe pamaso pa anthu amene anandinyamula ndili khanda.

Amayi ndipitiriza kukawaona, kaya anditchule kaya asanditchule. Mawondo akuwavuta, ndipo denga la kukhitchini likudontha mbali ya ku chitsime. Mupeze munthu alikonze mvula isanabwere. Muziwaimbira Lachisanu dzuwa lisanalowe, amakhala pafupi ndi foni kuyambira masana.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Sipora. Ndamva kuti mwana wanu Avital akukwatiwa chaka chino. Amayi anandionetsa chithunzi, wafanana ndi agogo ake pamphumi. Ndinamuona komaliza akukwawa. Sindikupempha kuitanidwa. Mungomupsompsona m'malo mwanga, ndipo akafunsa kuti zachokera kwa yani, muyankhe mmene mungathere. Mng'ono wake, amene sindinamuonepo, mumuuze kuti ku India kuli munthu amene amadziwa tsiku lake lobadwa.

Mukafuna kuyankha, mulembe dzina langa pa envulopu. Wa positi wa kuno sadziwa Asher aliyense, ndipo kalata yotere adzaibweza kwa inu.

Mulungu wa makolo athu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Yerusha