Nyanga ya Fodya ya Amayi

Liwaladzi,
Kota Kota,
12 Meyi, 1934.

Okondedwa achimwene a Sailesi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Halale. Kuno thupi lili bwino, koma mtima ulibe pokhala. Muiwerenge muli nokha, ndipo mukatha musaipinde n'kunena kuti ndiganiza mawa. Masiku ndi ochepa.

M'kalata yanu munafunsa kuti amayi anamwalira bwanji, popeza ine ndinangolemba mizere itatu kuti chinali chifuwa. Sindinaname, chifuwa chinalipodi. Koma ndinakubisirani zambiri, ndipo zimene ndinabisazo lero zagwera mwana wanga Rute. Akuluakulu a m'mudzi muno apangana kuti anthu akatha kudula mpunga, tsiku la mowa wa maliro a amayi, Rute akamwe mwabvi. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, achimwene!

Mwakhala kunja zaka zisanu ndi ziwiri, mwina mumayesa kuti ukalamba unawafatsitsa amayi. Kufatsa a Madina? Mano anatsala anayi, koma akaseka kudambo, anthu a kudooko ankadziwa kuti a Madina ali m'mpunga. Ulendo wokatunga madzi wokha unkawatengera m'mawa wonse, chifukwa khomo lililonse ankaima. Apa afunse za mwendo wa nkhalamba, apo alawe ndiwo za eni ake n'kuzinyoza kuti zachepa mchere, kwinaku akupitiriza kudya. Ukwati wa Asilamu analipo, Khirisimasi ya kumishoni analipo, ndipo ndikawafunsa kuti kodi inu ndinu a mbali iti, ankati, "Ine ndine wa kumene kwaphikidwa."

Ana obadwa m'mudzi muno, theka anagwera m'manja mwawo. Mkazi akayamba kumva m'mimba, ankangoti kaitaneni a Madina, iwo n'kubwera akuyimba, n'kumuseketsa wodwalayo mpaka kuiwala kulira. Rute amayi ankamutcha mkazi mnzanga. Ankagona naye pamphasa imodzi, kupita naye ku Bua nthawi ya mpasa, n'kumakangana ndi asodzi kuti, "Mumupatse yaikulu mkazi mnzangayu, simukuona kuti wandilanda mwamuna?" Mwanayo anakulira m'chiuno mwawo, ine ndinangomubereka.

Nyanga yawo ya fodya ija mukuikumbukira, ya gwape, imene atate awo anabwera nayo pa ngalawa. Inkalendewera m'chiuno tsiku lililonse. Palibe wamkulu m'mudzi muno amene sanatambasule dzanja kuti amugwedezereko. Ankagawa akuti, "Nunkhizani msanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno." Ndikutchula nyangayi chifukwa tsoka lonse lalowera pamenepo.

Mwezi wa Novembala kunabwera anthu a mchape. Mwina mbiri yawo inafika ndi kumeneko. Ndi anyamata ovala zipewa ndi majekete, amayenda ndi kalilole ndi mabotolo a mankhwala ofiira. Amaimika mudzi wonse pamzere, kuyang'ana munthu aliyense m'kalilolemo, n'kulamula kuti nyanga zonse ndi nsupa zonse ziunjikidwe pamphambano. Akatero onse amamwa mankhwalawo, ndipo amati womwa akabwereranso ku ufiti amafa. Asanafike kuno tinamva kuti kumudzi wa kumpoto anapeza mayi wina ndi nyanga, namukoka pamchenga mudzi wonse ukumukuwiza.

Ine mantha anandigwira. Ndinawauza amayi kuti nyanga yanuyo tayani m'nyanja. Iwo anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Enelesi, iwe unabadwa ndi mantha ngati nkhwali. Akabwera ndidzawanunkhitsa, ayetsemule, azipita."

M'mawa wa tsiku limene anyamatawo anafika, amayi anapita kukavuula chinangwa, ndipo nyanga anaisiya pamphasa chifukwa chingwe chake chinali chitaduka. Ndinaiona. Ndinamva ng'oma yoitana anthu. Achimwene, apa ndi pamene ndakhala ndikuzungulira miyezi yonseyi osafikapo. Ndinang'amba kansanza ku nsalu yanga yakuda, ndinakulunga nyangayo, n'kuisomeka m'udzu wa denga pamwamba pa khomo. Ndimati ndikuwapulumutsa. Sindinadziwe kuti anthuwo akalowa m'nyumba, poyambira kufufuza ndi padenga.

Anaitulutsa pamaso pa mudzi wonse. Wamkulu wawo anamasula kansanzako pang'onopang'ono, naikweza m'mwamba. Kalanga ine! Nyanga imene aliyense anaigwirapo, tsiku limenelo inaoneka yachilendo. Ikanakhala m'chiuno mwa amayi monga mwa masiku onse, anthu akanaseka n'kunena kuti ameneyo ndi fodya wa a Madina. Koma yokulunga m'nsalu yakuda, yobisa padenga? Rahila, mkazi wa a Adamu, amene anali ndi pakati nthawi imeneyo, ndiye anayamba. Anati, "Ngati ndi ya fodya, abisiranji?"

Wamkulu wawo uja anafunsa kuti wabisa ndani. Amayi anayang'ana kansanzako, kenaka anayang'ana m'mphepete mwa nsalu imene ndinavala. Anadziwa. Ndiye anawomba m'manja n'kuseka, nati, "Ndabisa ndine! Ndimati anyamata a zipewawa angandithere fodya, simukuwaona mphuno zake?"

Palibe anaseka. Zaka zanga zonse sindinaonepo amayi atanena nthabwala anthu n'kukhala chete. Anawapatsa mankhwala kawiri, iwo anamwa onse n'kunena kuti akuchepa mchere, ndipo nyanga inaponyedwa pamulu. Ine ndinaima pamzere womwewo, ndinamwa gawo langa, osatsegula pakamwa.

Kuyambira pamenepo mudzi unawatembenukira msana. Akafika pakhomo, eni ake ankalowetsa ana m'nyumba. Akafika pachitsime, akazi ankasenza mitsuko yosadzaza. Iwo sanasiye kupereka moni, ankafuulabe kuti, "Mwadzuka bwanji kumeneko, inu osayankha?" Rahila pobereka mu Januwale sanawaitane. Amayi anamva kulira kwa khanda ali pakhonde, anaimirira, anamanga nsalu m'chiuno monga ankachitira, kenaka anakhalanso pansi. Tsiku limenelo sanadye.

Chifuwa chinawagwira mvula ya Febuluwale itawanyowetsa kumunda. Ali gone ndinagwada pambali pawo, ndinati amayi, ndilekeni ndikanene kuti ndinabisa ndine. Anandigwira khutu monga ankachitira tili ana, nati, "Ukanene kuti chiyani? Ine ndadya zanga, iwe uli ndi mwana. Tseka pakamwa, nkhaniyi ipita ndi ine." Atatero anandituma kuti ndikawapemphere fodya, koma m'mudzi monse palibe anandipatsa. Anamwalira patapita masiku atatu. Pamaliro panabwera anthu owerengeka, ndipo ndinamva ndi makutu anga wina akunong'ona kuti mchape wagwira ntchito yake.

Ndinkayesa kuti zatha monga ananenera. Sizinathe. Mwezi wathawu khanda la Rahila linadwala malungo n'kumwalira. Dzulo lake Rute anali atalipeza likulira pamphasa mayi ake akupeta mpunga, nalinyamula pang'ono kuti litonthole. Anaphunzira kwa agogo ake kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanga akanadziwa bwanji? Tsopano akuti amayi asanafe anamusiyira ufiti, popeza ankagona naye pamodzi, ndipo ndi iye ankawanyamulira nyanga ija popita ku Bua. Ana anzake akamuona amathawa. Ena amamuwaza mchenga. Akandifunsa ndimati akuopa chifuwa cha agogo.

Rahila sindimuda, achimwene. Ndinamuona akugubuduka pamanda a mwana wake, ndipo ndikanakhala ine, kaya ndikanaloza yani. Koma iye ndi a Adamu akana zonse. Ndinapita kwa akuluakulu, ndinagwada, ndinati ngati mufuna mwabvi, mwetsani nkhuku m'malo mwa mwanayu monga amachitira ena. A Adamu anati, "Nkhuku sinagone pamphasa ya a Madina." Munthu wodziwa kusema khungwa la mtengo wa mwabvi amutumira kale mthenga, ndipo akuti zidzachitikira kuthengo kufupi ndi Bua, kumene maso a boma safika. Inu mukudziwa chimene mwabvi umachita ngakhale kwa munthu wamkulu. Rute ndi wowonda, chaka chatha anadwala likodzo. Wosasanza amafa, ndipo iye sangasanze, ndikudziwa ine mayi wake.

Mudzati bwanji osakanena kuboma. Ndaganiza, ndaganizanso. Asilikali adzabwera, adzamanga anthu awiri atatu, n'kubwerera. Ife tidzatsala pano ndi abale a omangidwawo, ndipo adzati taonani, mfiti yaitana azungu kuti isamwe. Nyumba ya udzu sichedwa kupsa. Kumishoni ndikuopa kupita, chifukwa ndinamwa mchape, ndipo ansembe anatiletsa paguwa. Bambo ake a Rute, a Filipo, amangogwira mutu. Akuti, "Ine ndine mkamwini pano, ndikalankhula adzandifunsa kuti mwanayu ndi wa mtundu wanga kodi?" Ndinakwiya nawo, koma sananame.

Mwini mbumba ndinu. Akuluakulu omwewo anena kuti malume ake a mwana akabwera n'kukana, kapena kumutenga kupita naye, iwo alibe mawu. Koma akuti mukakhala chete ndiye kuti mwavomera, ndipo a Adamu akuseka kuti a Sailesi ndi mtchona, anaiwala njira ya kwawo. Kalata siikwanira, adzati ndalemba ndekha, popeza amadziwa kuti ndinaphunzira. Pafunika nkhope yanu. Mpunga wayamba kale kuweramitsa mitu. Ndikaona, kudula kudzatha kumapeto a Juni, ndipo chimera cha mowa chidzaviikidwa sabata yomweyo. Ndikudziwa kuti ntchito ya mzungu sasiya chisawawa, ndikudziwanso kutalika kwa njira. Sindinakupempheni kanthu chichokereni, ngakhale amayi akudwala. Lero ndikupempha, bwerani.

Tsopano mumve chimene ndatsimikiza, kuti musadzati mlongo wanga sanandiuze. Tsikulo likafika inu musanaoneke, ndidzaimirira pamaso pa onse ndi nsalu yakuda ija, ndinaisunga, ndipo pong'ambika pakuonekabe. Ndidzanena kuti nyanga ndinabisa ndine, kuti amayi ananama pofuna kundiphimba, ndipo ngati pali womwa mwabvi, chikho chibwere kwa ine. Ndikudziwa kuti ndikuphwanya mawu awo otsiriza. Ndikuopa, achimwene, sindikubisirani. Dzana, poganiza za chikhocho, ndinagwetsa mtsuko panjira popanda chondipunthwitsa. Ine si amayi, sindidzatha kuseka. Koma ndinakhala chete kamodzi, ndipo ndaona mtengo wake.

Zikadzatero, mudzabwerebe. Musadzamusiye mwanayu m'mudzi muno ngakhale mwezi umodzi. Amadziwa kuwerenga pang'ono, amapeta bwino, ndipo sadya mlamba chifukwa umamutulutsa ziwengo. Alamu asadzadabwe akamadzalankhula ndi aliyense wodutsa panjira, si mwano, ndi mmene analeredwera.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wanu Useni ndi kwa kamwana kamene sindinakaone. A Filipo akupereka moni. Ena a m'mudzi sindinawauze kuti ndikulemba, kalatayi ndikaponya ndekha kuboma mawa, ndidzanamizira kukagula mchere.

Rute ali pano pakhonde, wandifunsa kuti ndikulembera yani, ndipo akuti ndikuuzeni kuti wakula, simudzamuzindikira. Iye sakudziwa kanthu. Wangomva anthu akutchula dzina lake pamodzi ndi tsiku la mowa, ndiye akuganiza kuti amusankha kudzatsogolera gule wa chioda polemekeza agogo ake. Madzulo alionse akumaphunzira kuvina kuseri kwa nkhokwe, yekhayekha. Akupempha kuti ngati mubwera, mumugulireko mpango wofiira woti adzavale tsikulo. Ndamuuza kuti ndalemba.

Ndine mlongo wanu,
Enelesi.