Mfundo ya pa Ruo

Majaua, Milange
9 Febuluwale 1987

Okondedwa achimwene aFlorentino,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Limbeko. Kalatayi ndapatsira aHilário, aja amaolotsa mchere posambira, ndiye ikafika yonyowa musadabwe. Muiwerenge mutakhala pansi.

Tsiku lomwe munkanyamuka munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Isaura, mlamu wako Berta ndi mwanayu Graça ndasiyira iwe, zikavuta udzawaolotse." Zinavutadi. Mudzi anautentha anthu a mfuti mu Novembala, ndipo kuyambira pamenepo tikukhala m'tchire ngati anyani, kukumba chinangwa m'minda ya anthu othawa.

Chimene chatisunga simungachikhulupirire. Amuna anga aOlímpio anapeza chiambulera cha ndege, chija amati parakeda, chitakodwa mumtengo wa mbawa. Nsalu yake tinaikwirira, koma zingwe zake, ha! Zosalala, zosaduka ngakhale mutamangira ng'ombe. Ukang'amba khungu lake m'kati mumatuluka timaulusi, ndipo timeneto tinkatchera mbewa ndi nkhwali. AOlímpio anapotanso gulaye, mpaka njiwa tinadya.

Koma chingwe sungayende nacho poyera. Anthu a mfuti akakupeza nacho amakumangira chomwecho n'kukusenzetsa katundu wawo. Ndiye alamu anu, ndi manja awo oluka madengu aja, anayamba kuluka malamba ndi zibangili kuti chingwecho tizichivala. Lamba mmodzi ukam'masula amachoka pakhomo panu paja mpaka kuchitsime. Berta anaphunzira msanga, n'kumandiseka kuti, "Mlamu, zala zanuzi n'za khasu basi."

Sabata yathayi tinamva kuti a mfuti akubwera kudzagwira anthu onyamula katundu. Tinatsikira ku Ruo masana mvula ili pakati, poti ikamagwa iwo amausa. Mtsinje unali utadzaza. Tinali mabanja angapo, aliyense anavula lamba wake, tinamasula, aOlímpio n'kulumikiza zingwezo. Ndinaona ndi maso angawa, anamanga mfundo ija ya luzi, yomwe atate ankamangira denga, ija simasuka mpaka luzi litaola. AHilário anasambira nacho chingwecho n'kukachimanga pamtengo kutsidya.

Banja loyamba linaoloka bwinobwino likugwira chingwecho. Berta anati, "Mlamu, inu mumaopa madzi. Ndiyambe ine ndikatule katunduyu, ndibwerenso tidzathandizane mwana." Graça anam'siya kumsana kwanga.

Berta atafika pakati, madzi ali m'chifuwa, chingwe chinangoti lende. Sichinaduke ayi, achimwene. Mfundo ndiyo inatereka. Luzi likanyowa limalumana, koma chingwe chachilendochi chikanyowa chimaterera ngati therere. Akanatiuza ndani? Ife tinabadwira pa luzi ndi khonje. Ndinaphimba mwana kumutu ndi chitenje kuti asaone, ine n'kumathamanga m'mbali mwa mtsinje. Ndinaona mtolo ukuyandama, kenako dzanja, basi.

Tafufuza m'mabango masiku onsewa, aHilário nawo afunsa kutsidyako. Sitinam'peze. Berta wapita, achimwene, ndipo ndilibe ngakhale manda oti ndidzakuonetseni.

AOlímpio ndinawalalatira mawu oti mkazi sauza mwamuna wake, anthu akumva. Sakudya. Amangokhala ndi chidutswa cha chingwe, kumanga mfundo, kuinyowetsa, kuikoka, kumanganso ina. Ndikawaona mtima umandiwira, komanso amandimvetsa chisoni, sindikudziwa kuti nditani nawo.

Tikadali tsidya lino. Anzathu aja anabalalika, ndipo ine sindilowanso m'madzi ndi mwana kudalira chingwe, ngakhale andiloze ndi mfuti. Tabisala kumapiri kudikira kuti Ruo aphwe. Ndikupemphani, mupemphe tchuthi mubwere ku Muloza, aHilário adzakulozerani doko. Mutengeko kadilesi ndi sopo, mwana wanu ali ndi mphere. Mukandida sindidandaula, koma bwerani.

Akupatsani moni aOlímpio, ngakhale akuti alibe nkhope yoonana nanu. Mundiperekere moni kwa onse akwathu amene muli nawo kumeneko.

Graça akuti moni ababa. Sindinamuuze, pakamwa pakukana. Iye akudziwa kuti amayi ake anaoloka ndipo ali kwa inu. Panopa wandigwira mkono, akuti ndilembe kuti muwauze afulumire kudzam'tenga, chifukwa anati abweranso. Ndalemba monga wanenera.

Ndine mlongo wanu wosweka mtima,
Isaura