Ndalama Yomwe Ndinamata Ndekha Yabwera ndi Msuweni wa Amuna Anga

Aphungu,

Mundikhululukire kalembedwe. Sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu ndi chimodzi, ndipo kalatayi ndailemba katatu kuti isakhale ndi zofufuta. Ndili ndi zaka 23, ndili pabanja ndi a Mutaz, ndipo tili ndi mwana mmodzi, Yazan. Chigwereni nyumba yathu pankhondo ku Khan Younis tikukhala m'tenti kuno ku Deir al-Balah pamodzi ndi apongozi anga aakazi.

Ntchito yanga ndi yomata ndalama zapepala. Mukudziwa kuti zatsopano sizikubwera, zomwe tili nazo zasanduka nsanza, ndipo wogulitsa akangoona pong'ambika amakubwezera. Ndimakhala m'mbali mwa msika ndi katebulo, guluu, lezala ndi chekeni. Imodzi ndimalipiritsa mashekele awiri. Sinditha kulankhula pagulu, koma anthu amati ndalama ikadutsa m'manja mwanga imayambanso kuyenda.

Vuto langa ndi Tahani, msuweni wa amuna angawo. Mwamuna wake anafa pankhondo. Tahaniyo anali mphunzitsi, ndipo ali ndi akaunti ya kubanki yogwira pafoni. Ife tilibe, zitupa zathu zinakwiririka ndi nyumba. Tsono alamu anga omwe ali kunja akatumiza thandizo, limafikira pafoni ya Tahani. Kuti lisanduke ndalama yogwira m'manja, madobadoba a pamsika amadulapo mashekele 30 pa 100 aliwonse. Ndiye pabanja anagwirizana kuti tisamatulutse. Amuna anga azisankha katundu, Tahani azilipira pafoni.

Motero Lachinayi lililonse awiriwa amatengana kukagula ufa, mafuta ndi zina. Ine ndimawaona ndili pakatebulo panga. Netiweki ikavuta amaima pamodzi, mitu itagundana pa kafoni kaja, uku akuseka. Tsiku lina wogulitsa tomato anakuwa kuti, "Mayi a Yazan, tawauzani bambowa asiye kufinya tomato wanga!" Ankauza Tahani. Iye anayankha kuti, "Aaa inu, mwandisenzetsa katundu wa eni ake," onse n'kufa nazo. Amuna anga sanakonze. Ine ndinali pomwepo, lezala lili m'manja, ndinangoweramira ntchito.

Kunyumba nako apongozi saleka kumutama Tahani. Amati, "Mwana uja wanyamula banki m'thumba. Pakanapanda iye bwenzi tikudya mchenga." Tsiku lina anayamba kuti, "Mutaz akanandimvera kalelo..." koma atandiona anakhosomola n'kusiyira pomwepo.

Zonsezi ndinkangomeza. Chomwe chandilembetsa ndi ichi. Sabata yatha ndinamata ndalama yangayanga ya mashekele 20, yofiira ija. Inali yoduka pakati ndipo ngodya imodzi kunalibe. Ndinaiikira ngodya yochokera ku kapepala ka tiyi, n'kuipaka chekeni mpaka osadziwika. Ndinawapatsa amuna anga kuti akandigulire mafuta odzola, chifukwa zala zanga zang'aluka ndi guluu. Anabwera chimanjamanja. Anati, "Yagwa, mayi a Yazan. Thumba ili labooka." Ndinalisoka thumbalo, ngakhale kabowo kake sikakanalowa ndi chala chomwe.

Lolemba Tahani anafika pakatebulo panga akumwetulira. Anati, "Mlamu, tandikonzerako iyi, ngodya yayamba kumatuka. Paja manja akowa ndi a dokotala." Ndinaitembenuza. Inali yanga ija. Ngodya yanga ndimaidziwa, ndipo nambala yake imathera ndi 417. Inali ntchito ya mphindi zisanu, koma ndinamuuza kuti adzatenge Lachinayi. Sindinayambe ndachedwetsapo kasitomala. Panopa ili m'kachitini kanga, ndimaitulutsa, kuiyang'ana, n'kuibwezeramo.

Aphungu, ndikuchita nsanje ndi maphunziro ake, kuseka kwake, ngakhale foni yake yomwe. Lachinayi likubwerali alamu atumizanso. Ndikufuna ndiwauze amuna anga kuti asadzapitenso naye, bola madobadoba adye gawo lawo. Koma gawo limenelo ndi ufa wa Yazan wa sabata yathunthu. Ndiwaletse? Kapena ndimufunse Tahani maso ndi maso? Ine kukangana sindikutha, ndimangoyamba kulira.

S.Q., Deir al-Balah

Mwanawe S.Q.,

Nsanje yako sindikuiseka. Mkazi aliyense zingamuwawe kumva dzina lake likuperekedwa kwa wina pamsika, mwamuna ali chilili. Koma walozetsa chala polakwika. Wakulakwira ndi mwini thumba lobooka uja, osati Tahani. Mkazi amene walandira mphatso yamseri saitengera patebulo la mwini mwamuna kuti amumatire. Ine ndikuona kuti sakudziwa n'komwe kuti ndalamayo inali ya mafuta a zala zako.

Mwina mwamuna wako anachita manyazi. Dobadoba amadula 30, pomwe msuweni wake, wamasiye, amazungulira naye msika wonse osatengapo kanthu. Mwina anafuna kuthokoza, n'kuthokoza ndi ndalama yako, kenako n'kukunamiza. Mwinanso pali zina. Ine sindikudziwa, iwenso sukudziwa, ndipo kachitini kako sikadzakuuza ngakhale ukatsekule kakhumi patsiku.

Ndiye chita izi Lachinayi lisanafike. Dikira apongozi atuluke ndi Yazan, uike ndalamayo pamphasa pamaso pa mwamuna wako, unene kuti, "Ija inagwa ija ndaipeza. Yabwera ndi Tahani." Basi, khala chete. Suyenera kukangana, ndipo ukalira palibe mlandu. Amene ali ndi zofotokoza ndi iye. Akavomera, muuze kuti kuthokoza Tahani n'koyenera, koma muzikambirana kaye awiri, ndipo mafuta aja akadali ngongole yake.

Ndalamayo uimate bwino monga umachitira, uibweze kwa Tahani. Anabwera ngati kasitomala, ndipo dzina lako pamsikapo ndi lomwe likukudyetsa.

Lachinayi utseke katebulo kwa ola limodzi upite nawo. Iwe ndi amene umaphika, ndiye uzisankha ndiwe. Mukafika pa tomato, mupatse moni wogulitsayo umuuze kuti, "Mayi a Yazan ndine." Mawu anayi okha, ngakhale wamanyazi amawatha.

Koma mankhwala enieni ndi oti mukhale ndi khomo lanulanu lolandirira thandizo. Kafunse komwe akulembetsa zitupa zotayika, ndipo ufufuze ngati pali nthambi ya banki yomwe yatsegula kufupi nanu, kapena akaunti zija zotsegulitsa pafoni. Mzere udzakhala wautali ndipo mwina udzabwerera kawiri katatu. Pirira, ulembetse m'dzina lako. Usandiuze za kalasi yachisanu ndi chimodzi. Munthu wokumbukira nambala ya ndalama yomwe anaigwira sabata yatha sangalephere kusunga manambala anayi achinsinsi. Amene angakuphunzitse kudina bwino ndi Tahani yemweyo. Mupemphe, uone nkhope yake akamayankha.

Chenjezo langa ndi ili. Usatseke khomo la Tahani lako lisanatseguke, chifukwa amene angagone ndi njala ndi Yazan, ndipo apongozi ako adzakhala atapeza nyimbo yoimba moyo wako wonse. Nambala yachinsinsi usadzapatse dobadoba, ngakhale atalumbira bwanji kuti akungokuthandiza. Ndipo usaweruze mwamuna wako lero, pomwe njala ikumupatsa chifukwa choyendera ndi msuweni wake. Thandizo likadzayamba kufikira pafoni yako, Lachinayi lotsatira udzangoyang'ana komwe mapazi ake alowere. Pamenepo udzadziwa ngati ankatsata foni kapena mwini foni.

Aphungu