Mandimu Ako Agwetsa Amai

Mlongo wanga Yotamu,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Joni pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Kafue tili moyo, koma ndakukwiyira kwambiri.

Lachiwiri amai anagwa pamsika akugula nsomba za ku Chanyanya. Azimayi ogulitsa tomato ndiwo anawathira madzi n'kudzandiitana. Kukiliniki anati madzi atha m'thupi ndipo magazi akuthamanga. Nditawafunsa, anaulula kuti kwa masiku anayi sanadye nshima, mapilitsi awo a kuthamanga kwa magazi anawasiya, ankangomwa madzi otentha a mandimu.

"Ni Yotamu ananitumira ka vidiyo," anatero. "Ati ino ndiye nthawi yosuka m'thupi. Iwe ungazibe kupambana wa ku Joni?"

Yotamu, kumeneko mitengo ikuphuka, kukuomba kamphepo kabwino. Kuno ndi Okutobala, dzuwa likuswa mutu, fumbi lili m'maso. Munthu wamkulu ngati amai amafunika kumwa madzi pafupipafupi, kudya phala m'mawa ndi ndiwo zamasamba, kumwa mankhwala pa nthawi yake, ndiponso kukhala pamthunzi masana. Ndawafotokozera zimenezi mofatsa katatu konse, koma amangoyang'ana foni, kudikira mawu ako.

Choncho ukangowerenga kalatayi uwaimbire, uwauze ndi pakamwa pako kuti unalakwa, ayambe kudya. Mavidiyo ako asafikenso pano. Ngati ukufunadi kuthandiza, uwatumizire ambulera.

Mulungu akusunge, akuwonjezerenso nzeru. Lero phala lazizira m'mbale kachiwiri, ati sadya mpaka ulole iwe.

Ndine mlongo wako,
Esinati