Msuzi Wapserera Koma Otso Wayankha

Bambo a Otso,

Musadzidzimuke ndi fungoli, nyumba sinapse ayi. Wapserera ndi msuzi wa nsomba uja, pepani. Mawindo ndatsekula dala kuti utsi utuluke, ndiye ngakhale chisanu chilume bwanji musatseke, ingovalani jekete.

Mukudziwa mmene ndakhala ndikudandaulira kuti mwanayu amangondiyang'ana ali duu, pomwe anzake kusikelo amasokosa. Dzulo anesi athu, a Marjatta, anandiseka: "Iwe Riikka, umalankhula ngati wailesi. Nanga mnzakoyo ayankhe nthawi yanji? Nena mawu, kenako khala chete."

Ndiye lero atadzuka m'kangolo kake ka makanda kamene amagonamo masana pakhonde, ndamuika pafupi ine ndikusenda mbatatesi. Ndati, "Otso, iyi ndi mbatatesi," n'kutseka pakamwa. Wandiyang'anitsitsa, wakwinya nkhope ngati inu mukamakonza njinga, kenako wati "aguu"! Ndamuyankha, iye wabwezanso. Tacheza ngati anthu akuluakulu mpaka ndaiwala kuti pamoto pali mphika.

Ndathamangira naye kwa amayi anu kuti akadzimvere okha tulo tisanamugwirenso, paja pafoni sangakhulupirire. Mphikawo ndauviika m'madzi, muukweche. Idyani buledi wakuda uja ndi tchizi.

Madzulo ano womusambitsa ndinu, ndipo foni itsale kukhitchini. Mumuuze kuti ili ndi bondo, ichi ndi chala, kenako mudikire, musamudule mawu. Komatu akadzayamba kunena "ababa" ine ndisanamve "amama", mudzagona m'sauna, kachipinda kathu kosambiramo nthunzi kaja.

Wanu,
Riikka